Makanema osangalatsa a chitetezo m'ndege akutumikira mabwana awiri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndigwiritse ntchito tsamba lanu la makalata pofotokozako nkhani imene ena angaione ngati yopepuka, koma imene ine imandivutitsa maganizo nthawi iliyonse ndikakhala pampando wa ndege kudikira kuti tinyamuke. Ndikunena za kanema uja amaonetsedwa ndege isanachoke pansi, wofotokoza mmene munthu angamangire lamba, mmene angavalire masiki a mpweya, kumene kuli makomo otulukira pangozi, ndi kumene kwasungidwa jekete loyandamitsa munthu pamadzi. Kale kanemayu ankakhala wosakoma n'komwe: munthu mmodzi wovala yunifolomu, mawu osakwera osatsika, ndi zithunzi za mkati mwa ndege basi. Masiku ano makampani ambiri amusandutsa chionetsero, moti muli kuvina, nthabwala, akatswiri a zisudzo ndi a masewero, zidole zoyankhula, magombe a nyanja ndi mapiri okongola. Okwera amaseka, ndipo makanema ena oterewa aoneredwa kambirimbiri pa YouTube ndi anthu amene sanali pa ulendo uliwonse. Funso limene ndikufuna tiliganizire ndi lakuti, munthu akatha kuseka, kodi manja ake amakhala atadziwa chochita tsiku limene utsi udzadzaze m'ndegemo?

Ndinene poyambirira pomwe kuti ine sindidana ndi nthabwala. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kanema wa chitetezo tsopano akutumikira mabwana awiri, wina wofuna kuti okwera atuluke amoyo ngozi ikagwa, wina wofuna kuti dzina la kampani limveke patali, ndipo awiriwa akasiyana zofuna, kawirikawiri wopambana amakhala wotsatsa malonda uja.

Mchitidwewu sunayambe kalekale. Mu 2007 kampani ya Virgin America inatulutsa kanema wa zithunzi zojambula wokhala ndi mawu oseleula pang'ono, ndipo chaka chotsatira kanema wa Delta anatchuka chifukwa cha mayi wina wogwira ntchito m'ndege amene ankagwedeza chala akumwetulira pochenjeza kuti kusuta fodya n'koletsedwa. Mu 2009 Air New Zealand inadabwitsa anthu poonetsa antchito ake enieni atapentedwa yunifolomu pathupi m'malo movala zovala, ndipo kuchokera pamenepo kampaniyi inakhala ngati mtsogoleri wa mpikisanowu. Inabweretsa osewera rugby a timu ya All Blacks, kenako anthu a m'nthano za m'mafilimu otchuka amene anajambulidwa m'dzikolo, ndipo mu 2014 inaonetsa atsikana ovala zosambira pa gombe la ku Cook Islands, kanema amene anadzudzulidwa kwambiri. Virgin America inabweranso mu 2013 ndi kanema wa nyimbo ndi kuvina kuchokera poyamba mpaka pomaliza, British Airways mu 2017 inasonkhanitsa akatswiri a zisudzo a ku Britain, ndipo Turkish Airlines mu 2018 inagwiritsa ntchito zidole za Lego. Ndivomereze kuti ena mwa makanemawa ndawaonerapo kangapo pa foni ndili phee kunyumba, chifukwa ndi okomadi ndipo anapangidwa mwaluso.

Chilungamo chake n'chakuti amene anayambitsa zimenezi anali ndi chifukwa chomveka, ndipo wotsutsa aliyense ayenera kuyamba wachivomereza. Pa 15 Januwale 2009 ndege ya US Airways ya mtundu wa Airbus A320 itangonyamuka pa bwalo la LaGuardia ku New York inawombana ndi gulu la atsekwe, mainjini ake onse awiri anafooka, ndipo woyendetsa wake, a Chesley Sullenberger, anaitsitsira pa mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 amene anali m'ndegemo anapulumuka. Koma bungwe la NTSB, limene limafufuza ngozi za maulendo ku America, litafunsa okwerawo linapeza kuti pafupifupi anthu 70 mwa 100 aliwonse sanaonere n'pang'ono pomwe malangizo a chitetezo asananyamuke, ndipo oposa 90 mwa 100 aliwonse sanawerenge khadi la malangizo lija limakhala m'thumba la mpando wa kutsogolo. Ochepa okha ndi amene anatuluka ndi jekete loyandamitsa, ndipo mwa iwowo, amene analimanga bwinobwino anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Bungweli linapempha kuti papezeke njira zatsopano zokopera chidwi cha okwera, koma linanenetsanso kuti njirazo zikhale zothandizadi. Makampani anamva bwino gawo loyamba la pempholi. Gawo lachiwiri ndi limene ndikuona kuti linasiyidwa panjira.

Ena amafunsa kuti kodi zonsezi zili ndi ntchito yanji, popeza ndege ikagwa palibe wopulumuka. Maganizo amenewa ndi ofala koma ndi olakwika. NTSB yomweyo itawerengera ngozi za ndege zonyamula anthu ku America kuyambira mu 1983 mpaka mu 2000, inapeza kuti anthu oposa 95 mwa 100 aliwonse amene anali m'ndegezo anapulumuka. Ngozi zambiri zimachitika ponyamuka kapena potera, ndege ili pansi kapena pafupi ndi pansi, ndipo ena mwa amene amafa saphedwa ndi kugunda kwenikweniko koma ndi moto ndi utsi zimene zimatsatira. Pa 22 Ogasiti 1985, pa bwalo la ndege la Manchester, ndege ya Boeing 737 inayaka injini ikuthamanga kuti inyamuke. Woyendetsa anaimitsa ndegeyo isanachoke n'komwe pansi, komabe anthu 55 anafa, ambiri a iwo chifukwa chopuma utsi wa poizoni akulimbirana njira yotulukira. Chifukwa cha kuopsa kwa moto ndi utsi, ndege yaikulu iliyonse isanaloledwe kunyamula anthu, opanga amayenera kusonyeza kuti onse okwera angathe kutuluka m'masekondi 90, mumdima, pogwiritsa ntchito theka lokha la makomo. Masekondi 90 ndi nthawi yochepa kuposa imene makanema ena amathera pa nthabwala zoyambira zokha. M'nthawi yotereyi palibe mpata woganiza kapena wofunsa mnzako. Thupi limangochita chimene linaphunzira kale, ndipo ngati silinaphunzire kalikonse limangouma pampando.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyang'ana chinthu ndi kuchikumbukira ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo wotsatsa malonda amangoyeza yoyambayo. A Brett Molesworth a pa yunivesite ya New South Wales ku Australia, pamodzi ndi anzawo, akhala akufufuza nkhani imeneyi poonetsa anthu makanema osiyanasiyana a chitetezo n'kuwafunsa pambuyo pake zimene akumbukira. Zimene anapeza n'zakuti nthabwala zimasangalatsadi mtima ndipo zimagwira maso, koma chisangalalocho sichitsimikizira kuti malangizo alowa m'mutu, ndipo mbali yaikulu ya mauthenga ofunika imaiwalika posakhalitsa. Zimenezi sizodabwitsa kwa aliyense amene anaphunzitsapo anthu. Pawiripawiri sipauzilika. Ngati pa kanema pakuoneka katswiri wa zisudzo amene ndimamukonda, maganizo anga ali pa nkhope yake ndi pa nthabwala imene ikubwera, ndipo mawu onena kuti khomo lapafupi likhoza kukhala kumbuyo kwanga amangodutsa ngati mphepo. Ndikatsika ndegeyo ndidzatha kufotokozera anzanga nthabwala yonse, mawu ndi mawu, koma mukandifunsa kuti chingwe chofufumitsira jekete chinali mbali iti, ndidzangokanda mutu.

Cholakwika chachikulu kuposa zonse, m'kuona kwanga, ndi kuchotsa ndege yeniyeni pa kanema wa chitetezo cha m'ndege. Makanema ambiri amakono sajambulidwanso m'ndege. Lamba amamangidwa pa mpando wa pagombe kapena m'bwato, masiki amagwa kuchokera m'nthambi za mtengo, makomo otulukira amalozedwa ndi munthu woimirira pakati pa munda wa maluwa, ndipo nyali za pansi zotsogolera ku khomo zimasanduka makandulo kapena miyala yowala m'mbali mwa kanjira. Kwa munthu amene wakwera ndege maulendo makumi asanu, fanizoli ndi losavuta kumasulira, ndipo mwina limamuseketsa. Koma kanemayu kwenikweni sanapangidwire iyeyo. Munthu amene akufunika malangizowa kuposa wina aliyense ndi uja wakwera koyamba, amene sadziwa kuti pamwamba pa mutu wake pali kachitseko kamene kadzatseguke, ndipo sanaonepo mmene khomo la pa phiko limaonekera. Ameneyu tikumupatsa mwambi woti amasulire pa nthawi imene amafunika kuonetsedwa chinthu chenichenicho, pamalo pake penipeni.

Ndinadzionera ndekha zimenezi pa ulendo wina. Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire amene anandiuza kuti aka kanali koyamba kukwera ndege, ndipo anaonera kanema yense mwachidwi kwambiri, osaphethira, kuposa tonse amene tinali pa mzerewo. Kanemayo anali wokongola, wodzaza ndi zilumba ndi anthu ovina. Atatha, bamboyo ananditembenukira n'kundifunsa motsitsa mawu kuti kodi majekete aja tikalandira tikafika, kapena agawa tili m'njira. Sanali munthu wosazindikira ayi. Anachita zonse zimene kampani inkafuna, anayang'ana ndi kumvetsera, koma kanemayo sanamuonetse n'kamodzi komwe dzanja la munthu likulowa pansi pa mpando wa ndege n'kutulutsa jekete. Nditamuonetsa kathumba ka pansi pa mpando wake, anakagwira kawiri konse kuti atsimikize.

Ngakhale chinthu chooneka chophweka ngati lamba chili ndi msampha wake. Lamba wa m'galimoto amamasulidwa podina batani la m'mbali mwa chiuno, pamene wa m'ndege zambiri amamasulidwa pokweza kachitsulo ka pamimba. Munthu akagwidwa ndi mantha, dzanja limathamangira kumene linazolowera, ndipo pakhala pali anthu amene anataya masekondi amtengo wapatali akufufuza batani limene kulibe. Kanema wabwino amaonetsa kachitsuloko pafupi, pang'onopang'ono, ndipo amalimbikitsa wokwera kuti amange ndi kumasula kamodzi asananyamuke. Kanema wa gule amaonetsa ovina khumi akumasula malamba motsatira ng'oma, ndipo diso limaona gule, osati chala. Kufunika kwa lambayu kunaoneka pa 21 Meyi 2024 pamene ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka mwadzidzidzi ili m'mwamba, munthu mmodzi n'kumwalira ndipo ambiri n'kuvulala, komanso pa 17 Febuluwale 2025 ku Toronto pamene ndege inagudubuzika potera n'kugona chagada, anthu onse 80 n'kutuluka amoyo ena atalendewera pa malamba awo mutu uli pansi.

Chinthu china chimene makanema osangalatsa amachithawa ndi kufotokoza chifukwa chake cha lamulo lililonse, ndipo ndikuganiza kuti amachithawa dala, popeza chifukwacho n'choopsa ndipo sichigwirizana ndi chithunzi cha tchuthi chimene kampani ikufuna kugulitsa. Komatu munthu wamkulu samvera lamulo limene sakudziwa phindu lake, makamaka ngati lamulolo likutsutsana ndi chibadwa chake. Taganizirani langizo lija lakuti uyambe wavala masiki ako usanathandize mwana. Kwa kholo lililonse mawu amenewa amamveka ngati nkhanza. Koma ndege ikakhala pa mtunda woposa mamita 10,000 n'kutaya mpweya wa mkati, munthu amakhala ndi masekondi apakati pa 30 ndi 60 okha asanayambe kusokonezeka mutu ndi kukomoka, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti sazindikira kuti akusokonezeka. Kholo limene layamba ndi mwana likhoza kukomoka lisanamalize, onse awiri n'kukhala opanda wowathandiza, pamene kholo limene layamba ndi ilo lokha lingathe kumuveka mwanayo ngakhale atayamba kufooka. Chiganizo chimodzi chokha chofotokoza zimenezi chingakhazikike m'mutu kuposa nyimbo ya mphindi zisanu.

Pa 17 Epulo 2018 injini ya ndege ya Southwest Airlines yochokera ku New York inaphulika ili m'mwamba, chidutswa chinaswa zenera, mayi mmodzi anamwalira, ndipo woyendetsa, a Tammie Jo Shults, anakatera ku Philadelphia. Zithunzi zimene zinajambulidwa mkati mwa ndegeyo zinaonetsa okwera angapo atavala masiki pakamwa pokha, mphuno ili pamtunda. Sindikunena kuti kanema wosangalatsa ndiye anachititsa zimenezi, pakuti pa ndege za kampaniyi malangizo amaperekedwa ndi antchito pamaso. Ndikutchula nkhaniyi pofuna kusonyeza kuti uthenga wosavuta ngati wakuti masiki aphimbe mphuno ndi pakamwa pomwe, umene anthu aumva kambirimbiri, umalephera kufika m'manja pa nthawi ya mantha. Ngati uthengawu uli wovuta chonchi kuukhomereza ngakhale utanenedwa mwachindunji, kodi n'kwanzeru kuukutira m'nsalu zina zitatu za nthabwala?

Nkhani ya jekete ndi yomvetsa chisoni kwambiri. Pa 23 Novembala 1996 ndege ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa Boeing 767, imene inalandidwa ndi zigawenga itachoka ku Addis Ababa, inatha mafuta n'kugwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Comoros. Mwa anthu 175, anthu 125 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali atapulumuka kugundako koma anali atafufumitsa majekete awo adakali mkati. Madzi atalowa, majeketewo anawakankhira kudenga la ndege, ndipo sanathenso kumira pang'ono kuti adutse pa mpata wotulukira. Chida chimene chinayenera kuwapulumutsa ndicho chinawatsekera. Lero pafupifupi kanema aliyense amanena kuti musafufumitse jekete musanafike pakhomo, koma ambiri amanena zimenezi mothamanga, pakati pa kumwetulira, ngati mmene munthu amatchulira chinthu chongokwaniritsa lamulo. Munthu amene wangomva kuti "musatero" adzaterobe madzi akafika m'mawondo, chifukwa mtima udzamuuza kuti jekete lofufuma ndilo moyo. Amene wauzidwa chimene chimachitika madzi akalowa, dzanja lake lidzazengereza.

Chimodzimodzinso katundu. Pa 3 Ogasiti 2016 ndege ya Emirates inachita ngozi potera ku Dubai, ndipo ngakhale anthu onse 300 anatuluka amoyo, kanema wojambulidwa mkatimo anaonetsa okwera akutsegula mosungira katundu mwa pamwamba utsi utayamba kale kulowa. Pa 5 Meyi 2019 ku Moscow, ndege ya Aeroflot inayaka potera ndipo anthu 41 mwa 78 anafa, pamene ena mwa opulumuka anaoneka akuchoka atanyamula zikwama. Chikwama chimodzi chimatseka kanjira kopapatiza kale, chikhoza kung'amba chotsetserekera chopopa chimene anthu amatsikirapo pa khomo lotulukira pangozi, ndipo masekondi asanu amene mwini wake wawononga amalipiridwa ndi munthu wa pa mzere womaliza.

Tsono tiyerekeze ndi zimene zinachitika pa bwalo la Haneda ku Tokyo pa 2 Januwale 2024. Ndege ya Japan Airlines ya mtundu wa Airbus A350 inawombana potera ndi ndege yaing'ono ya asilikali olondera nyanja, ndipo anthu asanu mwa asanu ndi mmodzi a m'ndege yaing'onoyo anafa. Ndege yaikuluyo inayaka mpaka kutheratu, zokuzira mawu za mkati zinasiya kugwira ntchito, ndipo mwa makomo asanu ndi atatu, atatu okha ndi amene anatsegulidwa. Komabe anthu onse 379 anatuluka amoyo, ndipo amene anaona zithunzi za kutulukako anadabwa kuona okwera akutsetsereka manja ali opanda kanthu. Kanema wa chitetezo wa kampaniyi alibe gule kapena munthu wotchuka. Amaonetsa mkati mwa ndege, ndipo amaonetsa poyera chimene chimachitika wina akaima kuti atenge chikwama anzake ali pambuyo pake. Sindingakokomeze n'kunena kuti kanemayo yekha ndiye anapulumutsa anthuwo, chifukwa antchito a m'ndegemo anali ophunzitsidwa bwino, okwera anali omvera, ndipo thupi la ndegeyo linalimbana ndi moto kwa nthawi yokwanira. Koma sindikhulupiriranso kuti zinangochitika mwamwayi kuti kampani imene inasankha kuuza okwera ake zoona, mosabisa ndi mosaseketsa, ndiyo inaona okwerawo akuchita zoyenera pa tsiku loipa.

Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene opanga makanemawa akuoneka kuti saiganizira mokwanira. M'ndege ya maulendo a pakati pa mayiko mumakhala anthu a zinenero zambiri, ana, okalamba, ndi ena osamva bwino. Dzanja likukoka masiki n'kuwaika pamphuno limamveka kwa onsewa popanda womasulira. Nthabwala yosewera ndi mawu, kapena yodalira kuti woonera akumudziwa katswiri wa pa wailesi ya kanema ya dziko lina, imamveka kwa ochepa, ndipo otsalawo amangoona anthu achilendo akuchita zachilendo, n'kuganiza kuti mwina ndi malonda chabe amene angathe kuwanyalanyaza. Nyimbo nayo imavuta, chifukwa mawu oimbidwa mothamanga ndi ovuta kuwatola ngakhale kwa mwini chiyankhulo. Ndipo makanemawa atalika. Zimene zikanatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu tsopano zimatenga zisanu kapena kuposerapo, ndipo chidwi cha munthu wotopa, amene wakhala pa mizere ya pa bwalo la ndege kwa maola angapo, sichifika kumapeto kumene nthawi zambiri kumakhala nkhani ya jekete ndi ya katundu.

Ponena za okwera pafupipafupi, amene makanemawa amati akufuna kuwadzutsa, nthabwala imakoma kamodzi. Ulendo wachitatu munthu amakhala ataidziwa kale, ndipo amabwerera ku foni yake monga ankachitira ndi kanema wakale uja. Kampani imakakamizika kupanga kanema wina woposa woyambayo, wokhala ndi anthu otchuka kwambiri ndi malo odabwitsa kwambiri, ndipo pa mpikisano umenewu malangizo enieni amanka nachepa pa chithunzi chaka ndi chaka. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Kodi ndiye kuti tibwerere ku makanema ozizira aja amene anthu a pa Hudson sanawayang'ane? Ayi, ndipo sindikuona kuti tiyenera kusankha pakati pa kugona tulo ndi kuvina. Pali nthabwala imene imakhala pa langizo penipeni, ndipo pali ina imene imakhala pambali pake n'kumalibera chidwi. Mayi uja wogwedeza chala ankaseketsa, koma chimene anthu anakumbukira chinali uthenga womwewo wakuti fodya ayi, chifukwa nthabwala ndi lamulo zinali chinthu chimodzi. Kanema angathe kuonetsa moseketsa munthu wouma mutu akukokana ndi sutikesi yake pakhomo anzake akumukalipira, ndipo woonera adzaseka n'kukumbukira kuti safuna kudzakhala munthu ameneyo. Imeneyo ndi nthabwala yogwira ntchito. Koma pamene chosangalatsa chili phiri la kumbuyo, chovala cha wovina kapena nkhope ya katswiri, ndipo langizo likungonenedwa chapansipansi kuti lamulo likwaniritsidwe, pamenepo kanemayo wasanduka malonda ovala yunifolomu ya chitetezo.

Mabungwe oyang'anira maulendo a pandege ali ndi mbali yawo. Bungwe la ICAO, limene linakhazikitsidwa potsatira pangano la ku Chicago la mu 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal, limafuna kuti okwera adziwitsidwe za malamba, makomo, majekete ndi mpweya, ndipo mabungwe monga FAA ku America ndi EASA ku Ulaya ali ndi mndandanda wa zimene ziyenera kunenedwa. Koma mndandanda umangotsimikizira kuti mawu atuluka, osati kuti afika. Pempho langa n'lakuti kanema aliyense asanaloledwe, ayesedwe pa anthu wamba, kuphatikizapo amene sanakwerepo ndege ndi amene sadziwa chiyankhulo cha kanemayo, ndipo mayesowo asakhale a mafunso a papepala okha koma a manja: munthu apatsidwe jekete, masiki ndi lamba patapita maola awiri, tione ngati angazigwiritse ntchito. Ngati opanga ndege amakakamizidwa kusonyeza ndi anthu enieni kuti masekondi 90 ndi otheka, palibe chifukwa chomveka cholekerera kanema amene akuyenera kukonzekeretsa anthu masekondi omwewo kuti adutse popanda kuyesedwa. Ndingapemphenso kuti chida chilichonse chizionetsedwa m'ndege yeniyeni ya mtundu umene wokwera wakwerawo, ngakhale mbali zina za kanemayo zitajambulidwa kunja, ndiponso kuti makampani amene amanyadira kuchuluka kwa anthu oonera makanema awo pa intaneti azitiuzanso kuti mwa okwera awo ndi angati amene anakumbukira malangizo. Makanema okopa alendo ali ndi malo ake, ndipo angathe kuonetsedwa ndege itakhazikika m'mwamba, pamene pali maola ambiri oti munthu asangalale.

Pamene tikudikira zimenezo, ine ndinasiya kudalira kanema yekha. Ndikakhala pansi ndimamanga lamba n'kumumasula kamodzi, ndimapisa dzanja pansi pa mpando kuti ndikhudze kathumba ka jekete monga anachitira bambo uja, ndimatulutsa khadi n'kuona mmene khomo la ndege imeneyo limatsegukira, ndipo ndimawerenga mizere ya mipando kuchokera pamene ndakhala kukafika pa khomo la kutsogolo ndi la kumbuyo, chifukwa mu utsi maso sagwira ntchito ndipo munthu amayenda chowerama akupapasa mipando. Pa ulendo wanga wapitawu inali mizere isanu ndi iwiri kutsogolo ndi inayi kumbuyo, ndipo ndinamaliza kuwerenga anthu a pa kanema adakali pagombe.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu